Diresi Lachikasu la Tsiku la Alendo

Arminda wa ku Canongola ndi mayi wosachuluka mawu. Anthu m'bairo, m'dera lakwawolo, amangomudziwa kuti ndi uja wa chikwama chabuluu, amene chipatala chimamutuma kukaona ana oleredwa ndi achibale. Ochepa ndi amene akudziwa kuti nayenso anakulira pakhomo pa eni.

Makolo ake anatsala m'manda kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Iye anafika ku Tete nkhondo itatha, akutsata azakhali ake, Dona Ofélia. Pakhomo pamenepo mpopi anali iyeyo, tsache iyeyo, mbereko iyeyo. Anamwino atayamba kuyendera ana amasiye, ankatsogoza uthenga. Tsikulo likafika, Dona Ofélia ankatulutsa diresi lachikasu m'sutikesi, n'kumupaka mafuta ophikira m'miyendo. Anamwino ankamukweza pasikelo, n'kuyamikira kuti mwana akusamalidwa. Akangokhota pangodya, diresi m'sutikesi, chigubu pamutu.

Chaka chatha Arminda anamva kuti kwa Dona Ofélia kwabwera mwana wina wamasiye, Mónica, wamkulu ndithu koma wosapondako kusukulu. Arminda anatsogoza uthenga monga mwa kale.

Anapeza Mónica atakhazikidwa pampando, miyendo ili waliwali. Diresi linali lomwe lija. Chovala chongoonetsa alendo sichitha msanga.

"Waona wekha," anatero Dona Ofélia. "Ameneyu kwake n'kudya ndi kusewera. Ngakhale supuni satsuka."

"Zokondweretsa, titiya. Ndikhala pano ndimuonerere akusewera," Arminda anayankha azakhali akewo.

Anayala nsalu yake ya kapulana pakhonde n'kukhala. Dzuwa la ku Tete linakwera. Mbale za dzulo zinadzaza ntchentche, mipopi ya m'bairo inali itauma, ndipo madzi ankatungidwa kutsidya kwa msewu. Mónica anafuna kudzuka.

"Khala, mwanawe. Paja sugwira ntchito," anatero Arminda. Kenaka anatembenuka: "Titiya, ludzu."

Dona Ofélia anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunyamula chigubu. Arminda anawaperekeza ndi maso, akupita, akubwera, khosi litalowa m'mapewa. Anamwa pang'ono, otsalawo n'kusamba m'mapazi.

M'mawa mwake anabweranso. Mkuja wakenso. Dona Ofélia anasesa, anachapa, anapsa zala ndi makala, Mónica ali pampando ngati mkwatibwi.

"Iwe, ndinakulera ine! Ukanafera kumsasa."

"Munandilera bwino, titiya. Kupirira ndinaphunzira kwa inu. Kodi madzi aja atha?"

Aneba anayamba kusuzumira pampanda. "Dona Ofélia, kani chigubu mumachitha?"

Sabata isanathe, mayiwo anakhala pansi pakati pa bwalo, dzanja lili pamsana.

"Nena. Ndichite chiyani kuti uchoke pakhonde langa?"

"Ine ndimatsata mwana, titiya. Akakhala pano, ndili pano. Akakhala kusukulu, ndikamuonera komweko."

Lolemba Mónica anapita kusukulu atavala diresi lachikasu, poti linalo linali sanza. Analivala tsiku ndi tsiku, analisewerera mpira, mpaka linang'ambika kukhwapa. Arminda analipempha. Pano amapukutira pansi m'nyumba mwake.

Uthenga anasiya kutsogoza, pakhomo lililonse limene amayendera. Kwa Dona Ofélia amatulukira masana aliwonse amene wafuna, n'kugwira zikhatho za Mónica kuona ngati zayambanso kukhakhala. Akatero amayala kapulana wake, ndipo nthawi zonse amafika ali ndi ludzu.