Kompyuta Yawo Yomwe Inawatcha Akuba

Lachiwiri lapitali ndinatsika minibasi pa Lizulu kukatenga mapulogalamu a mwambo wovundukula chiliza cha malemu bambo anga. Ntchitoyi ndinaisiya kwa mayi Nangozo, amene ali ndi kanyumba kotayipira ndi kusindikizira kuseri kwa ogulitsa kachewere. Mwambo unali Loweruka, ndipo abale ena anali atanyamuka kale ku Joni.

Mayi Nangozo ndinawapeza akuyang'ana kompyuta. Mphenzi inaomba kumapeto kwa sabata n'kutentha zam'kati mwake. Mmisiri anaikamo zatsopano, makina n'kuyaka bwinobwino. Koma pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo itaona kuti zam'kati zasintha, inaganiza kuti aikopera m'makina ena. Inatseka zonse, n'kulemba pa sikirini kuti mwina ndi yakuba.

Yakuba? Kompyutayi anagula ndi mchimwene wawo, m'sitolo, ndi thukuta la pa famu ku Joni. Katoni yake mayiwa anaisunga pansi pa tebulo, kapepala ka manambala osonyeza kuti ndi yeniyeni kali pomwepo.

Mmisiri uja anali akadali pomwepo, ndipo sanaone vuto. Anati ali ndi kachimbale kothyolera loko ameneyu, ndipo tiyi asanazizire zonse zikhala zitatseguka. Anawonjeza kuti makompyuta ambiri amene amakonza ndi othyola, ndipo eni ake sanafunsidwepo kanthu.

Mayi Nangozo anamuthokoza, koma anakana.

"Ndikathyola, ndiye kuti ndavomera zimene akunenazi. Chitseko n'changa. Ndilowerenji pawindo?"

Kenaka anatembenukira kwa ine. Anandibwezera chithunzi cha bambo, chija anajambulitsa atavala chisoti cha ku mgodi, n'kundilozera kwa munthu wina wosindikiza kumtunda kwa msika, yemwe amalimbirana naye makasitomala. Anati mwambo wa malemu usadikire mavuto awo. Ndi angati mwa ife amene angatumize kasitomala kwa mnzawo wopikisana naye, m'nyumba mukusowa?

Ndinati ndidikira mpaka Lachisanu.

Zimene anadutsamo ndinaona zina, zina anandiuza. Panafunika kuimba foni kunja, kwa eni pulogalamuyo. Amene mumapadziwa pa Lizulu mukudziwa kuti foni imatha kusokonezeka n'kugwira netiweki ya ku Mozambiki, iwe uli tsidya lino la msewu. Mayiwa ankakwera pa kachitunda kuseri kwa msika, katoni m'khwapa. Kunjako amayankha ndi makina, m'Chingerezi chothamanga. Amakuuza uwerenge manambala ataliatali, ukafika pakati foni yaduka, mayunitsi apita. Uyambirenso.

Ogulitsa kabichi anafika powaseka. Wina anawafunsa ngati akuimbira kumwamba.

Lachinayi masana anapeza munthu weniweni. Anawafunsa kuti pulogalamuyo aiika m'makompyuta angati. Iwo anayankha kuti imodzi yokha, ndipo anafotokoza za mphenzi, pang'onopang'ono, mpaka munthuyo anamva. Anawapatsa manambala ena, makina n'kutseguka. Kupepesa kokha sanapepese.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachisanu ndinanyamula mapulogalamu anga, nkhope ya bambo ili mbee pachikuto, ndipo Loweruka pamwambo ku Kasinje aliyense anali ndi pepala lake m'manja. Azakhali anga, amene maso ayamba kuwavuta, analiyandikiza kumaso n'kulipinda bwino, n'kuliika m'Baibulo.

Tsono tiyeni tikambirane. Ine sindikutsutsa kuti wopanga chinthu adye thukuta lake. Mlimi wa ku Champiti amene akuba anamuthyolera chimanga m'munda sangaseke nkhani ya kuba. Koma taonani amene msamphawu wakola. Wothyola uja akugwira ntchito mosatekeseka, chifukwa loko anauchotsa kalekale. Amene watseka bizinesi pafupifupi sabata yonse, amene wayima padzuwa akuwerengera makina manambala, ndi amene anagula. Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu.

Ndipo eni pulogalamuwa, pokonza misampha yawo, ankaganiza za munthu wa kuti? Wokhala kumene magetsi sathima, kumene foni siduka, kumene kompyuta ikapsa umangogula ina. Kuno timakonza. Timasintha ichi, timasintha icho, chinthu chimodzi n'kutumikira banja zaka zambiri. Kwa iwo khalidwe limeneli likuoneka ngati la wakuba.

Si makompyuta okha. Tazolowera kuti woyenda pamsewu waukulu ndiye amatsitsidwa katundu, wodutsa njira zachidule n'kufika msanga. Ana athu amaona zimenezi, ndipo amaphunzira msanga kuposa za m'kalasi.

N'chifukwa chake ndikuwavulira chipewa mayi Nangozo. Sanalalikire aliyense, sanatukwane mmisiri uja. Anangokana kutchedwa dzina lomwe si lawo, ngakhale wowatchayo anali makina osamva, ndipo palibe akanadziwa akanathyola.

Koma anthu otere alipo angati, ndipo tidzawatopetsa mpaka liti? Ngati woona mtima ndiye azisechedwa tsiku ndi tsiku, mawa mwana wanu akadzakufunsani phindu la kugula chenicheni, mudzamuyankha kuti chiyani?