Sitima za Amalume ndi Jeke ya a Banda

Ndikukumbukira fungo la fodya wouma m'chigafa chathu ku Wimbe, fungo lija lokanda pakhosi ngati wapuma tsabola wosinja. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, mlongo wanga Yamikani ali ndi zisanu ndi chimodzi. Chaka chimenecho amalume, amene ankagwira ntchito ya zaumoyo ku boma, anabwera patchuthi cha Pasaka atanyamula laputopu m'chikwama chakuda.

M'laputopumo munali gemu ya achifwamba a panyanja. Ife ana a ku Kasungu nyanja tinkangoimva kusukulu, madzi ambiri amene tinkawadziwa anali a padambo pochapira. Koma apa panali madzi mpaka m'mphepete mwa galasi, sitima za matanga, zilumba, ndi amuna a ndevu omanga nsalu kumutu. Gemuyo sinali yongowombera ayi. Inkafuna mutu: sitima ziti zitsogole, chakudya chikwana kapena ayi, mphepo ikuchokera kuti, doko la adani ulilowa bwanji. Chimene chinatiseketsa n'chakuti katundu wina amene ankalandana panyanjapo anali fodya. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Anthu akuphana chifukwa cha fodya, chikhalirecho ife ku okushoni amatibwezera!"

Amayi sanaseke. Anati masewero ophunzitsa ana kulanda za eni si masewero. Amalume anawayankha kuti mulibe magazi, ndi zanzeru ngati bawo, n'kuwalozera kanambala ka pakona kosonyeza kuti gemuyo ndi ya ana a zaka khumi ndi ziwiri kupita m'tsogolo.

"Nanga uyu?" anatero amayi, akuloza Yami amene anali atakanirira pabondo la amalume, kukamwa kuli yasa.

"Uyu azingoonera, alongo. Kuonera sikupweteka munthu."

Batire ikatha amalume ankapita nayo laputopu kugolosale ya Che Twaibu kukatchaja, ndipo nthawi imeneyo gemu inkatuluka m'galasi n'kudzaza bwalo lonse. Ngolo ya bambo inali sitima, chulu chinali chilumba. Limbani, mwana wa pakhomo loyandikana nalo, wamkulu pa anyamata onse, anadzimanga mpango wa amayi ake kumutu n'kudziika ukaputeni. Ine anandikana, akuti mtsikana akakwera sitima imamira. Zinandiwawa zedi, chifukwa palaputopu ndinkawaposa onse, makamaka Limbaniyo, amene ankangothamangitsira sitima zake kumizinga ya adani ngati mbuzi zolowa m'dimba. Lamulo lawo lalikulu ndinkalimva ndili poteropo: kaputeni akakutuma kukabisala, suyankha munthu aliyense mpaka iyeyo aimbe likhweru. Woulula chinsinsi ankasiyidwa yekha pachulu.

Sabata imeneyo inali yodinda mabelo. Jeke m'mudzi mwathu inali imodzi yokha, ya a Banda, ndipo inkayenda khomo ndi khomo. Ikafika kwanu munkagwira ntchito mwaliwiro chifukwa mawa lake ikudikiridwa kwina. Kwa amene simunaionepo, pamakhala bokosi lalitali la matabwa loyalidwa chiguduli m'kati. Amasanjamo fodya, n'kuika thabwa lolemera pamwamba, kenako amuna awiri amazunguza chitsulo chimene chimakankhira thabwalo pansi, mpaka mulu wofika m'chifuwa usanduke belo lolimba ngati njerwa. Chitsulocho chikamatsika chimalira kwii, kwii.

Masana a tsiku limene jeke inafika kwathu, bambo ndi a Banda anasiya bokosi lili theka n'kupita kukamwa thobwa patsinde pa mango. Patapita kanthawi amayi anandituma kuti ndikaitane Yami adzadye mbatata. Ndinaitana pabwalo, zii. Ndinapita kungolo, kuchulu, kukhola, mpaka kusuzumira m'chimbudzi, osapezeka. Anyamata ena ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe, atagwira ndodo zawo, ali chete modabwitsa.

"Yami ali kuti?"

Anayang'anana. "Ali pa ntchito ya kaputeni," anatero Limbani, akukonza mpango wake.

Ndinamukoka mpangowo, koma anangoluma mlomo. Kamnyamata kena kanatsegula pakamwa, Limbani anakayang'ana ndi diso limodzi, ndipo kanatsekanso pakamwapo. Ndinali pafupi kumuwomba mbama pamene kuchigafa kunamveka phokoso lija. Kwii.

Pomwepo ndinakumbukira zimene amalume anasewera dzulo lake. Panali mzinda wa mpanda wautali umene mizinga inkaulephera. Amalume anabisa asilikali awo m'migolo ya fodya, adani eni ake n'kunyamula migoloyo kulowa nayo mumpanda. Yami anawomba m'manja mpaka kugwa pabondo paja. Pakhomo pathu panalibe mgolo wa fodya. Panali bokosi.

Limbani nayenso anali atamva kulira kwa jeke, nkhope yake itasintha. "Tinamufunditsa fodya bwinobwino," ananong'ona. Anayesa kuimba likhweru, koma milomo inali itauma, panangotuluka mpweya.

Ndinathamangira kuchigafa. Ndipo apa ndi pamene ndimakwiyabe ndikakumbukira. Nditafika pakhomo pa chigafa, miyendo yanga inachita yokha zimene inaphunzitsidwa kuyambira ndili wakhanda. Mtsikana sagwera amuna pa ntchito. Amagwada chapatali, n'kunena zikomo, n'kudikira mpaka afunsidwe. Ndinagwada.

Bambo ndi a Banda anali atawonjezera fodya m'bokosi muja, thabwa lili pamwamba, aliyense atagwira mbali yake ya chitsulo. A Banda anali pakati pa nkhani ya fetereza, ndipo iwowo nkhani zawo sizinkakhala zazifupi.

"Zikomo," ndinatero.

Bambo anangotukula chala osandiyang'ana, kutanthauza kuti dikira. Kwii. Thabwa linatsika pang'ono, masamba ouma akuthetheka pansi pake. M'bokosimo simunkamveka kanthu, ndipo kamtima kena kankandiuza kuti mwina ndikulakwitsa, mwina ali kudambo, ndingochititsa bambo manyazi pamaso pa mwini jeke.

"Bambo."

"Iwe, sukuona kuti akuluakulu akulankhula?"

Kwii.

Sindidziwa kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangopezeka ndalendewera pachitsulocho ndi thupi lonse, miyendo ili m'malere, ndikukuwa, "Muli Yami! Muli Yami umu!" A Banda anayamba kunena za ana opanda mwambo, koma mawu anawathera atayang'ana bambo. Jeke ili ndi khalidwe limodzi loipa: imakwera mochedwa monga momwe imatsikira. Anazunguza kubwerera, thukuta lili kamukamu, koma bambo sanapirire. Anatola nkhwangwa n'kumenya zotsekera za m'mbali mpaka thabwa limodzi la bokosi linagwa. Fodya wabwino kuposa yense wa chaka chimenecho, amene tinamusankha tsamba ndi tsamba, ankamuponya pafumbi ndi manja awiri osayang'ana kumene akugwera.

Yami anali pansi, atadzipinda ngati kamwana ka mphaka, maso otseka, mitsempha ya masamba itadindika patsaya. Sanagwedezeke. Amayi anafika akulira, amalume ali pambuyo, n'kumunyamula kupita naye pamthunzi. Anamumasula malaya, kumukupiza, kumuitana dzina. Ine ndinangoima, m'makutu mukulirabe kwii uja. Kenako Yami anatsokomola, anasanza, n'kutsegula maso. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, akufunafuna Limbani.

"Likhweru lalira?"

Palibe anaseka. Tinazindikira kuti ankandimva ndikuitana pabwalo, anamva fodya akuwonjezeredwa pamsana pake, anamva thabwa likumupsinja mpaka fupa la paphewa kuthyoka, koma anakhala chete chifukwa kaputeni anali asanamumasule. Amayi sanakalipe. Anangowayang'ana amalume, ndipo amalume anawerama. Anapita naye Yami kuchipatala panjinga, ndipo laputopu sinatulukenso m'chikwama chakuda chija mpaka tchuthi chinatha.

Lero ndine mphunzitsi ku boma, ndili ndi ana anga awiri. Magemu safunanso amalume obwera patchuthi, ali m'foni iliyonse, mpaka ya agogo. Sindinganame kuti gemu ija inali yoipa. Ndinaisewera mpaka kumapeto nditakula, ndipo inandiphunzitsa kuganiza ndisanadumphe. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sadziwa pamene galasi lathera, ndipo kuonera kokha kuja kunatsala pang'ono kutiphera munthu. Kanambala ka pakona ndimakawerenga, ndipo wamng'ono akakhala pabondo la wamkulu ndimawerengera wamng'onoyo. Yami ndi bambo wa ndevu tsopano, amalima soya, ndipo mu minibasi amalimbirana mpando wa pakhomo poopa kupanikizika.

Mwana wanga wamkazi amagwadabe akamapereka madzi kwa agogo ake, sindinamuletse. Koma bambo anasintha kuposa ife tonse. Tsopano akalamba, makutu ayamba kuvuta, komabe mwana akangoti zikomo pakhomo amamva msanga kuposa aliyense. Kaya akulankhula ndi abusa, kaya ndi apongozi, amadula nkhani pakatikati n'kutukula chala chomwe chija, ulendo uno kuletsa akuluakulu.

"Tadikirani kaye," amatero. "Mwana anene."