Ankawerenga Poyamwitsa

Anthu a mumsewu umenewo ankangomutcha Atelala. Makina ake osokera anali pakhonde, pafupi ndi khomo, kuti phazi likamapalasa, diso likhale pa ana. Ntchito ankaidziwa. Zipi ankaika kamodzi osasomolanso, ndipo mayunifolomu a sukulu akachuluka ankadya chiimire. Koma m'nyumba imeneyo mkazi sankakhala pansi manja ali chabe. Akangoti apume, apongozi ankatsokomola, mwamuna ankafunsa malaya, mwana wamkulu ankabwera ndi homuweki.

Nthawi yokhayo imene sankatumidwa inali yoyamwitsa, ndiye ankawerenga pamenepo. Mabuku ankabwereka kwa kasitomala wake wina, namwino, ndipo onse anali olembedwa ndi azimayi: nkhani zopeka za m'tsogolo, za anthu osamukira ku nyenyezi. Limene anali nalo linkanena za mayi woyendetsa chombo cha m'mlengalenga, amene mpweya unkamuthera ali kutali ndi kwawo. Atelala ankagwira buku kumanzere, mwana kumanja, tsamba n'kumatembenuza ndi chibwano.

Zoona zake n'zakuti mwanayo anali atakula. Ankathamanga, ankayankha akuluakulu, mano atadzaza m'kamwa. Amake ankadziwa, koma ankamuitanabe.

"Kodi chibambo ichi chidzasiya liti?" anafunsa apongozi. "Chidzapita ku ofesi bere lili kukamwa?"

"Akadali wamng'ono, amayi."

"Wamng'ono uti? Dzulo wandiuza kuti ndakalamba. Akuyamwa pano ndi mwana, kapena ndi iwe ndi buku lakolo?"

Mwamuna wake anaseka akumanga nsapato. "Amayi sakunama, make mwana. Eni madiresi aja ayamba kundiimitsa ine panjira."

Atelala anatembenuza tsamba. Mawuwo anali oona, n'chifukwa chake ankapweteka.

Pomaliza si apongozi amene anathetsa nkhaniyi. Tsiku lina masana Atelala anakhala pampando, n'kutsegula buku pamene mayi wa m'chombo uja anali atangomva kugogoda kunja kwa chombo chake. Anaitana mwana uja, "Bwerani, bambo, mudzayamwe."

Mwana anabwera, n'kuima manja kumbuyo ngati mlendo. "Sindikufuna. Ndikufuna kapu ngati ya achimwene." Atatero anathamangira kwa anzake.

Atelala anatsala pampando, bulauzi ili yomasula, buku lili pamwendo. Anawerenga mzere umodzi.

"Poti manja apeza mpata," anatero apongozi ali pakhomo, "zovala zija zauma kalekale."

Anamanga mabatani n'kunyamuka. Bukulo analiika mudilowa ya makina, pamodzi ndi masingano ndi choko. Linkatuluka pokhapokha akamafuna tepi imene yagwera pansi pake.

Namwino atabwera kudzatenga siketi yake, Atelala anamupatsira limodzi ndi buku.

"Mwamaliza, asisi? Mwaona mmene zathera?"

"Musandiuze."

"Ndiye likhale kaye. Sindikulifuna msanga."

"Ayi, tengani, lingagwere mafuta a makina." Anaika nsalu ina pansi pa singano, osadzutsa mutu. "Mukadzamva kuti ndili ndi pakati, mudzabwere nalo."