Injini Yobadwa Nayo

Bambo anga, a Delmar, ndi munthu wosamva za anzake. Akalambira m'galaja kwathu ku Ohio, akupukuta galimoto yawo ya 1969. Kuchionetsero cha magalimoto amayenda ndi kagalasi, kusuzumira injini za eni ake kuti aone ngati nambala yake ikugwirizana ndi galimotoyo. Amalume Orval ataika injini yamakono m'galimoto yawo, bambo anasiya kuwapatsa moni.

Tsiku la ukwati wanga ndinafunsa kuti, "Bambo, galimoto yanuyi ikatifikitsadi kutchalitchi?"

"Iwe, iyi ndi injini yobadwa nayo!"

Inazima pamlatho, utsi uli tolo. Amalumewo ndiwo anatikoka ndi chingwe pagalimoto yawo ya injini yamakono ija, ine thukuta lili kamukamu m'diresi loyera. Titafika, bambo anatsika monyadira n'kuuza alendo kuti, "Mwaona? Zamakonozi ntchito yake n'kukoka basi."