Khadi la MaZondi

A Fatuma anachoka ku Mangochi mu 1993. Ankagulitsa nthochi ndi mapeyala ku Umbilo, kuno kudziko la Azulu, pafupi ndi tebulo langa la masokosi. Pamsewu sankayankhula Chichewa. Ndikaiwala n'kuwapatsa moni wakwathu, ankanditsina.

Mapepala okhalira m'dziko muno analibe. Akadwala, ankachita zimene amayi anzawo onse a m'fulati mwawo ankachita: kubwereka khadi la kukiliniki la MaZondi, Mzulu wa khomo loyandikana ndi lawo. Khadi lapepala silinkavuta. Koma mu 1998 kiliniki ija inayamba kuyesa makhadi apulasitiki okhala ndi kachitsulo konyezimira. Ife tinkangoti ndi lakale lomwe, langovala suti.

M'mwezi wa Ramadani, dzuwa la Januwale likuotcha, a Fatuma anagwa pambali pa tebulo lawo. Ndinathamanga nawo kukiliniki pa takisi, khadi lobwereka lili m'kachikwama kawo.

Nesi analilowetsa m'kamakina. Pagalasi panatuluka mbiri yonse ya mwini khadi.

"Hawu, MaZondi," anatero m'Chizulu, osatiyang'ana n'komwe, chifukwa panja mzere unali wautali. "Mwasiyanso jakisoni wa shuga?" Anatsegula furiji.

Wodwala shuga anali MaZondi weniweni. A Fatuma anali asanalawe kanthu chiyambire m'bandakucha.

A Fatuma anandigwira mkono. "Mwanawe, tseka pakamwa," ananong'ona. "Akadziwa, aitana apolisi. Ana anga adya chiyani?"

"Amayi, akakubayani mufa."

"N'kajakisoni chabe."

Nesi anali atayamba kukoka mankhwala m'kabotolo. Ndinayimirira.

"Sisita, awa si MaZondi."

Anatiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika jakisoni pansi, n'kuwabaya a Fatuma pachala kuti ayeze magazi. Ataona mmene shuga anatsikira, anagwira pamutu. Anatuluka. Tonse tinkangomvetsera mapazi m'khonde, kudikira nsapato zolemera za apolisi.

Anabwera yekha, ndi kapu ya tiyi wothira shuga wambiri.

"Ndikusala kudya," anatero a Fatuma.

"Mukasalira kumanda? Imwani!"

Anamwa. Nesi anaponya khadi lija m'thumba la yunifolomu yake.

"Mwini wake adzalitenge yekha. Inu sindinakuoneni."

A Fatuma anachira, koma anakhala milungu iwiri osatuluka m'fulati poopa apolisi, nthochi zikuola m'makatoni. Atabwerera pamsewu, anasamutsira tebulo lawo kutsidya, kutali ndi langa.