Dzanja la Ulemu la Atsibweni

Mundikhululukire, ine sukulu ndinalekezera panjira, ndipo kulemba si mbali yanga. Koma nkhani ya dzanja la atsibweni anga aliyense akayamba kuifotokoza amangothera kuseka, ndiye ndati ndiyese ine.

Atsibweniwo ankapalasa kabaza pa Ngabu mpaka sitiroko inawafooketsa dzanja lamanja. Atapezako bwino anafuna kubwerera pamsewu, koma akazi awo anagulula tcheni cha njinga n'kuchibisa. Anati chidzatuluka achipatala akavomereza kuti dzanjalo lingagwire mabuleki.

Wowaperekeza kuchipatalako ndinali ine. Mayi woyeza ziwalo anayala patebulo kapu, kiyi ndi nyemba zingapo. Ananyamula kapu n'kuwapatsira.

"Landirani ndi dzanja lamanja lokha, bambo."

Atsibweni anatambasula lamanja, lamanzere litagwirizira pamkono, n'kuweramitsa mutu. "Takhuta, amayi," anathokoza mwachikwathu.

"Lokha, ndati. Linalo likhale pantchafu."

Anayesanso. Lamanzere linanyamuka pang'onopang'ono ngati mwana wolondola amake kumsika, n'kukafika pamkono pomwe paja.

"Bambo, mukubera mayeso."

"Amayi, inu ndi yunifolomu yanuyo, ndikulandeni chinthu ngati khwangwala? Ine ndinaleredwa ndi anthu."

Mayiyo anaika kapuyo patebulo kuti aitole okha. Atsibweni anaitolabe ndi manja awiri, ati mwini wake akuona. Pamenepo mayiyo anati sangalembe kanthu asanaone dzanjalo likugwira palokha, poti mwina linalo likulibisira ulesi. Anayamba kutseka buku.

Ine pamaso pa anthu ophunzira lilime limalemera, komabe ndinakweza chala ngati m'kalasi.

"Pepani amayi, bwanji ndiwapatsire ine? Chibadwire changa sanandilandirepo chinthu ndi manja awiri."

Mayiyo anandipatsa kapu. Ndisanaitambasule n'komwe, atsibweni anaitsomphola ndi lamanja lokha, osandiyang'ananso. Kiyi anaitembenuza bwinobwino. Nyemba ndizo zinavuta: atatola imodzi, ziwiri zinapulumuka pakati pa zala n'kugubudukira pansi pa kabati.

"Iwe, ukupereka bwanji ngati ukudyetsa nkhuku?" anandikalipira.

"Tsopano finyani zala za mnyamatayu," anatero mayiyo. "Musamumvere chisoni."

Sanandimveredi. Chala changa chaching'ono chinatha masiku awiri chisanaiwale.

Mayiyo anati mphamvu yabwerera, koma zala zikuchedwa kumvera, ndipo buleki safuna dzanja loganiza kaye. Anawalamula kuti kwa mwezi wathunthu azitola nyemba m'lichero m'mawa uliwonse. Anatola, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu wasanduka njiwa.

Titabwererako, nyemba zonse zinafika m'kapu, wowapatsira ndili ine ndemwe. Kalata yowavomereza kubwerera pamsewu anailandira kwa mayiyo ndi manja awiri, ndipo palibe anawaletsa. Tcheni chinatuluka m'thumba la thonje madzulo a tsiku lomwelo, pa 14 Ogasiti chaka chatha.