Sabata imene amuna anga anali mzungu

Amuna anga ndi mmisiri womanga nyumba. Chaka chimene anapeza ntchito yomanga mpanda ku Chileka, ankapalasa njinga kuchokera kwathu ku Lirangwe, kudzera pa Lunzu. Madzulo aliwonse nkhani inali yomweyomweyo: thiraki yawaopseza, minibasi yawakankhira kutchire. Mawondo awo anali zipsera zokhazokha.

Loweruka lina atabwera kudzandiona pa benchi yanga ya tomato, pamsewu panadutsa mzungu pa njinga yowonda ngati udzudzu, atavala zothina ndi chipewa cholimba. Kumbuyo kwake kunali thiraki ya simenti. Dalaivala anachepetsa liwiro n'kumamutsatira pang'onopang'ono ngati akuperekeza mkwatibwi, kenako anamulambalala patali, hutala osaliza n'komwe.

"Kani mabuleki alimo m'mathirakimu!" anatero amuna anga.

Mnzawo wina wachisilamu, wogulitsa kaunjika pafupi nane, anaseka mpaka kutsamira mtengo.

"Achimwene, vuto lanu ndi msana," anatero. "Dalaivala amaona msana, nkhope amaiona atadutsa kale."

Anafukula mulu wake n'kutulutsa malaya achikasu othina a manja aatali, magolovesi oyera, masokosi ofika m'mawondo, ndi chipewa chonga cha mzungu uja.

Lolemba m'mawa anavala zonsezo. Mimba inatukuka ngati ya chule.

"Bambo, kodi mukukamanga mpanda kapena mukukasambira?" ndinawafunsa.

Anangotulutsa njinga yawo panja. Ngakhale kamba anakana kutenga, ati mzungu samangirira chinangwa pa kaliyala.

Madzulo anabwera nkhope ili ngwee. "Mayi, msewu uja kani ndi wotakata chonchi! Zaka zonsezi sindinkadziwa." Minibasi zinkawapatukira. Ana ankawathamangira akukuwa kuti "Azungu! Azungu!" ndipo akawaona kumaso ankangoima kukamwa kuli yasa. Pofika Lachitatu, bambowo anali atayamba kuyenda pabwalo manja ali kumbuyo, n'kumandifunsa ngati madzi akumwa ndawiritsa.

Zonse zinathera pafupi ndi Lunzu. Amene anandifotokozera ndi mayi wina wakutchalitchi kwathu, yemwe anali m'minibasi yomwe inawagwetsayo. Ati minibasiyo inawatsatira mwaulemu chitunda chonse, kondakitala atatulutsa mutu pawindo, akuwapatsa moni m'Chingerezi chake chothyokathyoka. Atayandikana, anawayang'ana kumaso.

"Aise, ndi madala akwathu konkuno awa!" kondakitalayo anakuwira dalaivala. "Tataya nthawi pachabe!"

Dalaivala anakhotetsa chiwongolero n'kuwadula kutsogolo. Amuna anga anakapezeka ali m'ngalande, njinga ili pamwamba pawo. Ena m'minibasimo anaseka, ena anakalipa. Dalaivala anangoti, "Nanga amatinamiziranji?" Kwa iye wolakwa anali wogwetsedwayo, poti anaba ulemu wa eni ake.

Chipewa chinang'aluka pakati, mutu unapulumuka, koma phewa linaguluka. Ndinakawapeza kuchipatala atakhala pa benchi, malaya achikasu aja atang'ambika, golovesi imodzi ikadali kudzanja. Njira yonse ndinali nditakonza mawu oti ndikawaseke nawo.

"Mayi," anayamba iwo motsitsa mawu, "wandigwetsayo ndi wakuda ngati ine ndemwe. Mwana woti ndikhoza kumubereka."

Mawu anga aja ndinawameza. Ndinawavula golovesiyo n'kuwathandiza kuimirira.

Wakaunjika uja anabwera kudzawazonda ndi nthochi, manyazi atamugwira. Amuna anga anamuuza kuti asadandaule, nzeru yake inali yabwino, kungoti anaiwala kuwagulitsa nkhope.

Atachira anabwerera ku mpanda wawo, koma anayamba kudzera tinjira ta m'minda, totalika ndi tafumbi. Mpaka lero akafika pa tala amatsika, n'kumayenda m'mbali akukankha njinga.